Makuponi pa Tilo: Kucokera pa Unga wa mu 1989 Kufika ku Masitolo a Lero mu Lusaka

Kwa acinyamata amene amagula zinthu m'masitolo akuluakulu a mu Lusaka, kuponi ndi kapepala kamene kamacotserako pang'ono mtengo wa sopo kapena mafuta ophikira. Kwa akuluakulu amene anali ndi mabanja m'zaka za 1989 ndi 1990, mau omwewa amakumbutsa mizere yaitali pa masitolo a boma, thumba la unga la makilogalamu 25, ndiponso zipolowe zimene zinasintha ndale za dziko la Zambia. Matanthauzo awiri onsewa ndi oona. Nkhani ino ikufotokoza cimene kuponi ili, kumene inacokera, mmene inagwirira nchito m'dziko muno, ndi zimene wogula ayenera kudziwa asanaipereke kwa wolandira ndalama.

Kodi kuponi n'ciyani?

Kuponi ndi pepala losindikizidwa limene limapatsa amene waligwira ufulu wogula cinthu pa mtengo wotsika, kapena kucilandira popanda kulipira. Dzinali linacokera ku mau a Cifalansa otanthauza kudula, cifukwa mapepala oterewa anali kudulidwa pa pepala lalikulu kapena m'nyuzipepala.

Kuponi si ndalama. Ndalama ya kwaca imalandiridwa paliponse m'dziko muno cifukwa lamulo limatero, koma kuponi imagwira nchito pa malo, pa katundu ndi pa masiku okhawo amene woitulutsa analemba. Kuponi ndi lonjezo, ndipo mphamvu yake imadalira pa amene walonjezayo.

Pali mitundu itatu imene anthu amakonda kusokoneza. Mtundu woyamba ndi kuponi ya kampani yopanga katundu. Sitolo imacotsera wogula ndalama imene yalembedwa, ndipo pambuyo pake imaitanitsa ndalamayo kucokera ku kampaniyo. Mtundu waciwiri ndi kuponi ya sitolo, imene sitoloyo imatulutsa yokha kuti ikope ogula, ndipo cocotseraco cimacokera pa phindu lake. Mtundu wacitatu ndi kuponi ya boma kapena ya bungwe lothandiza anthu, imene colinga cake si malonda koma kuthandiza osauka kupeza cakudya kapena zipangizo za ulimi. Pambali pa izi pali vocha ya mphatso. Iyi ndi yosiyana, cifukwa munthu wina kapena kampani analipiriratu ndalama zonse, ndipo wolandira vochayo amangosankha katundu wolingana ndi ndalamazo.

Kumene makuponi anayambira

Makuponi a malonda anayambira ku America. Mu 1887, mu mzinda wa Atlanta, anthu anayamba kulandira timapepala towalola kumwa tambula imodzi ya Coca-Cola kwaulere. Asa Candler, amene anadzakhala mwini wa kampaniyo, anakulitsa njira imeneyi potumiza timapepalato m'makalata ndi kutiika m'magazini. Mu 1909, C. W. Post anatulutsa kuponi yocotsera senti imodzi pa cakudya ca m'mawa cochedwa Grape-Nuts. Pofika mu 1957 makuponi anali atachuka kwambiri, mwakuti kampani ya Nielsen inatsegula ofesi yapadera yowerengera makuponi ndi kukonza malipiro pakati pa masitolo ndi opanga katundu.

Kusintha kwina kwakukulu kunacitika pa 26 June 1974, pamene makina owerenga barcode anagwiritsidwa nchito koyamba pa tilo m'tauni ya Troy, ku Ohio. Cinthu coyamba kudutsa pa makinawo cinali paketi ya cingamu. M'kupita kwa nthawi, barcode inafika pa makuponi, ndipo makina anayamba kugwira nchito yofufuza imene poyamba inali kugwiridwa ndi maso a wolandira ndalama.

Maboma nao anagwiritsa nchito makuponi. Dziko la Britain linagawa cakudya ndi mabuku a makuponi pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndipo kugawako kunatha mu 1954. America inayesa masitampa a cakudya mu 1939 ndi kukhazikitsa lamulo lake mu 1964. Sri Lanka inayamba masitampa a cakudya mu 1979, ndipo Jamaica inatsatira mu 1984. Conco pamene Zambia inayamba makuponi a unga, inali kutsatira njira imene maiko ena anali atayesapo kale.

Unga ndi masitolo a boma

Pambuyo pa kusintha kwa zacuma kumene Dr Kenneth Kaunda analengeza ku Mulungushi mu April 1968, boma linatenga gawo lalikulu m'makampani ambiri, kuphatikizapo ogulitsa katundu. M'zaka zotsatira, anthu a mu Lusaka anazolowera maina a ZCBC, NIEC Stores, Mwaiseni ndi National Home Stores. Boma linali kuika mitengo ya katundu wofunika, ndipo linali kulipirako gawo la mtengo wa unga kuti anthu a m'matauni azigula mochipa.

Dongosolo limeneli linali kudalira ndalama za mkuwa. Pamene mtengo wa mkuwa unagwa pa msika wa dziko lonse mu 1975, boma linayamba kukongola kuti lipitirize kulipira. Katundu anayamba kusowa m'masitolo. Mphekesera yakuti sopo, shuga kapena mafuta ophikira afika pa sitolo ina ya pa Cairo Road inali yokwanira kuti mzere uyambe m'mamawa.

Mu December 1986, potsatira mgwirizano ndi bungwe la IMF, boma linacotsa thandizo pa unga woyera wa bulekifasti, ndipo mtengo wake unakwera ndi 120 peresenti. Thandizo pa unga wa rola linatsala, koma ungawo unasowa m'masitolo. Zipolowe zinabuka m'matauni a ku Copperbelt, ndipo anthu 15 anataya miyoyo yao. Dr Kaunda anabweza mtengo wakale ndi kulamula kuti zigayo zikuluzikulu zikhale m'manja mwa boma. Pa 1 May 1987 analengeza kuti Zambia yasiya ndondomeko ya IMF.

Komabe vuto linakhalapobe. Thandizo la unga linali kudya gawo lalikulu la ndalama za boma, ndipo aliyense anali kupindula nalo mofanana. Mkulu wa kampani wokhala kumayadi ku Kabulonga anali kugula unga pa mtengo umodzimodzi ndi mlonda wa pa cipata cake. Unga wina wochipa unali kuzembetsedwa kupita ku maiko oyandikana nafe kumene mtengo unali wokwera. Makuponi anabwera monga yankho pa vuto limeneli.

Makuponi a unga a mu 1989

Makuponi a unga anayamba mu January 1989. Ganizo lake linali lakuti mtengo wa unga m'sitolo ukwere kufupi ndi mtengo wake weniweni, koma mabanja a m'matauni alandire mapepala owacotserako gawo la mtengowo. M'malo mothandiza thumba lililonse la unga, boma linafuna kuthandiza munthu.

Poyamba makuponi anali a mabanja onse a m'matauni amene analembetsa. Pakati pa caka comweco, boma linacepetsa olandira. Ogwira nchito yolembedwa amene malipiro ao anali kupitirira K20,500 pa caka anacotsedwa. Ogwira nchito m'boma ndi m'makampani anali kulandira makuponi kudzera kwa owalemba nchito. Amene analibe nchito yolembedwa, monga amarikete, akalipentala ndi osoka zovala a m'makomboni, anali kulembetsa kumalo ao, kumene atsogoleri a cipani ca UNIP anali ndi mbali yaikulu potsimikiza maina. Anthu a m'midzi, kunena zambiri, sanawerengeredwe, poganiza kuti amalima cimanga cao.

Pa sitolo, wogula anali kupereka makuponi ake pamodzi ndi ndalama yotsala kuti akwanitse mtengo wa thumba. Wogulitsa anali kusonkhanitsa makuponiwo kuti abwezeredwe ndalama zake. Motero pepala limodzi linali kudutsa m'manja ambiri, kucokera kosindikiza, kupita kwa wogawa, kwa wogula, kwa wogulitsa, mpaka kubwerera ku boma. Pa dzanja lililonse panali mpata wakuti cinacake cilakwike.

M'malo monga Kabwata, Libala, Chilenje ndi Chelstone, kumene kunali nyumba za khonsolo zokhalamo aphunzitsi, anamwino, makalaliki ndi apolisi, makuponi anali mbali ya bajeti ya mwezi. Ku Woodlands ndi Kabulonga eni nyumba ambiri anali pamwamba pa malire a malipiro, koma ophika, osamalira maluwa ndi alonda ao anali m'gulu la ofunika thandizo.

Zimene zinavuta

Vuto loyamba linali la kulembetsa. Munthu wolembedwa nchito anali ndi pepala la malipiro loonetsa zimene amalandira, koma wogulitsa tomato pa msika analibe. Kunali kovuta kudziwa wosauka weniweni ndi amene akungobisa zimene amapeza. Osauka ena sanalembedwe konse, pamene anthu ena anali ndi makuponi oposa amene anayenera kulandira.

Vuto laciwiri linali la cinyengo. Pepala likakhala ndi mtengo wa ndalama, osindikiza abodza amabwera. Makuponi abodza anapezeka, ndipo makuponi enieni anali kugulitsidwa ndi ndalama.

Vuto lacitatu linali la ogulitsa. Mwini sitolo amene walandira mapepala m'malo mwa ndalama sangaode katundu wina kufikira atabwezeredwa. Malipiro akacedwa, sitolo yaing'ono imauma. Cifukwa ca ici, ogula ambiri anali kukakamizika kupita ku masitolo akuluakulu kumene mizere inali yaitali.

Vuto lacinai linali kukwera kwa mitengo. M'zaka za 1989 ndi 1990, mitengo ya zinthu inali kukwera ndi maperesenti oposa 100 pa caka. Kuponi yolembedwa ndalama yokhazikika inali kutha mphamvu mwezi uliwonse, ndipo malire a K20,500 anayamba kusiya kunja anthu amene malipiro ao anakwera pa pepala pokha.

Panalinso vuto lina limene silinali kuoneka m'mabuku. Osauka kwambiri sanali kukwanitsa kugula thumba lathunthu, ngakhale atacotseredwa. Iwo anali kugula unga wa m'timapulasitiki, umene anthu a mu Lusaka amaucha pamela, wokwanira nsima ya tsiku limodzi. Pa malonda otere kuponi inalibe malo.

June 1990

Mu June 1990 boma linakwezanso mtengo wa unga. Thumba la makilogalamu 25 la bulekifasti linacoka pa K114.50 kufika pa K269. Makuponi analipo, koma sanaziziritse mitima ya anthu. Pa 25 June, ophunzira a pa University of Zambia anayamba zionetsero, ndipo anthu a m'makomboni anagwirizana nao. Masitolo anaphwanyidwa ndi kuberedwa, makamaka a boma. Ku Chilenje, pa nyumba ya nambala 394 imene Dr Kaunda anakhalamo pa nthawi yomenyera ufulu, galimoto yake yakale ya Land Rover inatenthedwa. Boma linaika lamulo loletsa kuyenda usiku mu Lusaka. Anthu oposa 25 anafa m'masiku ocepa.

M'mamawa pa 30 June, Lieutenant Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi ya boma kuti asilikali atenga ulamuliro. Cilengezoco cinatsutsidwa patapita maola ocepa, koma khamu la anthu linali litatuluka kale m'miseu kukondwerera. Mu July, msonkhano wa pa Garden House Hotel mu Lusaka unabala gulu la MMD. Mu December 1990 malamulo a dziko anasinthidwa kulola zipani zambiri, ndipo pa masankho a pa 31 October 1991, Frederick Chiluba anapambana. Boma latsopano linathetsa makuponi a unga posakhalitsa, ndipo thandizo pa mtengo wa unga linacotsedwa pang'onopang'ono.

Owerenga acinyamata akumbukire kuti ndalama zochulidwa pamwambapa ndi za kwaca yakale. Pa 1 January 2013 banki yaikulu ya dziko inacotsa maziro atatu pa kwaca, ndipo K1,000 yakale inakhala K1. Mitengo ya mu 1990 siingayerekezedwe mwacindunji ndi ya masiku ano.

Masitolo atsopano

Masitolo a boma anatsekedwa kapena kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1990. Mu 1995 kampani ya Shoprite ya ku South Africa inatsegula sitolo yake yoyamba pa Cairo Road. Malo ogulitsira a Manda Hill anatsegulidwa mu 1999, Arcades mu 2003, ndipo mu 2010 Pick n Pay inatsegula sitolo yake yoyamba ya m'dziko muno ku Woodlands. Ndi masitolo amenewa munabwera tilo ya kompyuta, barcode, ndi mapepala a mitengo yotsitsidwa ogawidwa cakumapeto kwa mwezi pamene anthu alandira malipiro.

Mwambo wa ku America wodula makuponi ambirimbiri m'nyuzipepala sunazike mizu kuno. Wogula wa mu Lusaka amakumana kawirikawiri ndi zinthu zina zofanana nao: mtengo wotsitsidwa wolembedwa pa shelefu, katundu wa gulani ziwiri mulandire cimodzi, vocha ya mphatso yocokera ku nchito pa nyengo ya Khirisimasi, kapepala komatidwa pa paketi, ndi mipikisano imene imafuna kuti munthu asunge lisiti. Ku South Africa masitolo akuluakulu anasamutsira zocotsera zambiri pa makadi a ogula. Pick n Pay inayamba khadi la Smart Shopper mu 2011, ndipo Checkers inayamba Xtra Savings mu 2019. Khadi lotere limacotsera mtengo popanda pepala, koma limalembanso zimene mwini wake amagula, ndipo iyi ndi mbali ya mtengo umene wogula amalipira.

Pa misika monga ya Kabwata ndi Chelstone, ndi pa tuntemba ta m'makomboni, kucotsera mtengo kuli ndi njira zake zakale. Wogula amanenerera, ndipo wogulitsa amaika mbasela. Mbasela ndi kuponi zili ndi colinga cimodzi, cakuti wogula adzabwerenso mawa. Kusiyana kwake n'kwakuti mbasela imadalira kudziwana, pamene kuponi imadalira zolembedwa.

Zimene zimacitika pa tilo

Wolandira ndalama amayamba ndi kudutsitsa katundu pa makina. Wogula akapereka kuponi, makina amawerenga barcode kapena nambala yake ndi kufunsa mafunso angapo. Kodi kuponi imeneyi ikudziwika m'kompyuta ya sitolo? Kodi tsiku lake silinapite? Kodi katundu wochulidwa ali pakati pa zimene zagulidwa, pa kukula ndi pa ciwerengero cofunika? Kodi nambalayi sinagwiritsidwepo kale nchito? Mayankho onse akakhala abwino, ndalama imacotsedwa ndipo imaonekera pa lisiti.

Makina akakana, nthawi zambiri wolandira ndalama alibe mphamvu yosintha. Amaitana woyang'anira matilo amene ali ndi kiyi kapena nambala yacinsinsi. Kukalipira mtsikana kapena mnyamata wa pa tilo sikuthandiza, cifukwa m'masitolo ambiri ndalama zikaperewera pa kuwerengera kwa madzulo, iye ndiye amafunsidwa.

Zifukwa zofala zimene kuponi imakanidwira ndi zocepa. Tsiku lapita. Katundu ndi wa dzina lomwelo koma wa kukula kwina, monga botolo la malita awiri pamene kuponi ikunena la mamililita 750. Kuponi ndi ya nthambi ina kapena ya dziko lina, pakuti masitolo a dzina limodzi ali m'maiko angapo ndipo kuponi yolembedwa m'ndalama ya rand siigwira nchito mu Lusaka. Pepala lang'ambika kapena lafufutika. Mapepala a pa tilo amasindikizidwa ndi kutentha osati ndi inki, conco amafufutika akasiyidwa pa dzuwa kapena m'galimoto yotentha.

Wogula wanzeru amawerenga zilembo zing'onozing'ono asanacoke kunyumba, amauza wolandira ndalama za kuponi asanayambe kudutsitsa katundu, ndipo amaona lisiti asanacoke pa tilo. Ngati ndi vocha ya mphatso, ndi bwino kufunsiratu ngati sitolo imabweza cenji, cifukwa mavocha ambiri sasinthidwa ndi ndalama, ndipo yotsala ingathe kutayika.

Kuwerengera phindu

Kuponi siipulumutsa ndalama nthawi zonse. Tiyerekeze kuti mayi wa ku Chelstone ali ndi kuponi yocotsera K15 pa sopo wocapira, yogwira nchito pa sitolo ya m'tauni yokha. Ngati ulendo wa minibasi kupita ndi kubwera udya ndalama yoposa K15, mayiyo wataya, pokhapokha ngati anali kale ndi ulendo wa kutauni. Tiyerekezenso kuti sopo wa kuponi agulitsidwa K100 ndipo wina wofanana naye agulitsidwa K80. Atacotsera K15, wa kuponi ali pa K85, ndipo akali wodula.

Njira yabwino ndi kuyerekeza mtengo wa kilogalamu imodzi kapena lita imodzi, osati wa paketi. Cinanso ndi kudzifunsa ngati cinthuco cinali pa mndandanda wa zogula. Kuponi imene yacititsa munthu kugula cimene sanali kufuna siinamupulumutsire kanthu. Kampani imatulutsa kuponi cifukwa yawerengera kuti idzapindula, mwina pokopa wogula watsopano, mwina pomuzoloweza katundu wake, mwina pogulitsa msanga katundu amene masiku ake ali pafupi kutha. Palibe coipa pamenepo, koma wogula nayenso ayenera kucita masamu ake ndi kuona tsiku lolembedwa pa paketi.

Zimene lamulo likunena

Ogula m'dziko la Zambia amatetezedwa ndi lamulo la mpikisano pa malonda ndi citetezo ca ogula, nambala 24 la mu 2010. Bungwe loyang'anira lamuloli ndi Competition and Consumer Protection Commission, lodziwika ndi dzina lacidule lakuti CCPC, ndipo likulu lake lili mu Lusaka.

Lamuloli limaletsa wamalonda kulipiritsa wogula ndalama yoposa mtengo umene walembedwa pa katundu. Limaletsa kunena zabodza kapena zosoceretsa za katundu ndi mtengo wake. Limaletsanso kupacika zikwangwani zokana udindo, monga zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Conco sitolo imene yalengeza cocotsera ndi kucikana popanda cifukwa cimene cinalembedwa ingathe kufunsidwa. Koma lamulo silikakamiza sitolo kulandira kuponi imene tsiku lake lapita, kapena imene sitoloyo siinavomereze kulandira.

Amene ali ndi dandaulo ayambe ndi woyang'anira sitolo. Zikakanika, apite ku CCPC ndi lisiti, kuponi kapena cithunzi cake, ndi pepala la malonda limene linalengeza mtengowo. Popanda lisiti, mlandu umakhala wa mau okhaokha.

Makuponi abodza a pa foni

Cinyengo cimene cinali kucitika ndi makina osindikizira mu 1989 cikucitika lero pa foni. Mauthenga amayenda pa WhatsApp ndi Facebook onena kuti sitolo yakutiyakuti ikugawa mavocha aulere pokondwerera zaka zake, ndipo amapempha munthu kudina pa adiresi ya pa intaneti, kuyankha mafunso ndi kutumizira anzake uthengawo. Colinga ca mauthenga otere ndi kutenga nambala za foni ndi zinsinsi za anthu. Ena amaimba foni kunena kuti munthu wapambana mphoto, koma ayambe watumiza ndalama yocepa.

Zizindikiro zake n'zosavuta kuziona. Kuponi yoona siifuna kuti mulipire kuti muilandire. Siifuna nambala yacinsinsi ya akaunti yanu ya ndalama za pa foni kapena ya ku banki. Ngati mukukayika, funsani pa sitolo yeniyeniyo. Milandu yotere ingathe kuperekedwa ku polisi ndi ku bungwe la ZICTA, limene limayang'anira za mafoni ndi intaneti.

Makuponi a alimi

Ngakhale makuponi a unga anatha, ganizo lake likali moyo pa ulimi. Ku Malawi, boma la Bingu wa Mutharika linayamba mu nyengo ya 2005/06 kugawa makuponi a pepala ogulira feteleza ndi mbeu pa mtengo wotsika. Mavuto amene anaoneka kumeneko anali odziwika kale kwa anthu a mu Lusaka: makuponi abodza, kugulitsana makuponi, ndi mikangano pa maina a olandira. Mu 2020 dzikolo linasiya mapepala ndi kuyamba kugwiritsa nchito ziphaso za unzika.

Kuno ku Zambia, thandizo la feteleza linayamba mu 2002 ndipo linachedwa FISP kuyambira mu 2009. Mu nyengo ya 2015/16 boma linayesa vocha ya pa khadi m'maboma 13, mmene mlimi anali kuikako K400 ndi kusankha zipangizo kwa ogulitsa ovomerezeka. Khadi linacepetsa vuto la kusindikiza mapepala abodza, koma madandaulo a makadi ocedwa kutsegulidwa ndi a ogulitsa ocedwa kulipidwa anamveka. Ku America nako, masitampa a cakudya a pepala analowedwa m'malo ndi makadi m'zigawo zonse pofika mu 2004.

Mbiri yonseyi ikuonetsa kuti mafunso a kuponi sasintha, kaya ili pa pepala, pa khadi kapena pa foni. Ndani waitulutsa? Ndani ayenera kuilandira? Igwira nchito pa katundu uti, pa sitolo iti, kufikira liti? Ndipo ndani adzabwezera wogulitsa ndalama zake? Boma la mu 1989 linavutika kuyankha mafunso amenewa pa mabanja zikwizikwi. Wogula wa lero ku Kabwata, Chelstone, Woodlands kapena Kabulonga angathe kuyankha atatu oyambawo mwa kuwerenga kapepala kali m'manja mwake asanalowe pa mzere wa pa tilo.